Soketi ikafanana dzina sizitanthauza kuti purosesa igwira ntchito

Achimwene, nditaona kuti muli ndi purosesa ya Intel Core i5 ya m'badwo wa 7 komanso RAM ya 4GB, ndipo mukufuna kusintha zonse ziwiri nthawi imodzi, mtima wanga wapweteka chifukwa pamenepo ndi pomwe ine ndinagwera m'manja mwa munthu wina wokonza makompyuta. Motherboard yanga, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo, inali ya chipset (kachipangizo koyendetsa bolodilo) cha B250, ndipo iye atangowerenga kuti soketi yake, malo olowetsamo purosesa, ndi LGA 1151, anandigulitsa purosesa ya m'badwo wa 8 ya i5-8400 n'kunena kuti ilowa popanda vuto chifukwa nayonso ndi ya LGA 1151. Kulowa inalowadi. Chimene sanandiuze, kaya chifukwa chosadziwa kapena chifukwa chofuna ndalama, n'chakuti Intel itatulutsa m'badwo wa 8 mu 2017 inasunga dzina la soketi koma inasintha kagwiridwe ka timapini tina, moti mapurosesa a m'badwo wa 8 ndi 9 amafuna chipset cha gulu la 300, pomwe B250 imalandira a m'badwo wa 6 ndi 7 okha.

Atayatsa, mafani anayamba kuzungulira koma pa sikirini panalibe kanthu. M'malo moima n'kufufuza, anazimitsa, anachotsa purosesa, anaibwezeramo, anayatsanso, ndipo anabwereza zimenezi kangapo ine ndikuyang'ana. Kenaka anati vuto ndi RAM yanga, anaizula n'kuikamo yake, koma mdima unali womwewo. Ulendo womaliza ndinamuona akukanikiza purosesayo ndi chala chachikulu asanatseke chotsekera, ndipo pa LGA timapini tija timakhala mu soketi ya motherboard, tating'ono kwambiri moti tikapindika n'kovuta kutiwongola. Atabwezeramo purosesa yanga yakale, yomwe m'mawa wa tsiku lomwelo inkagwira ntchito bwinobwino, kompyuta inakananso kuyaka. Ndinayang'ana mu soketi ndi tochi ya foni ndipo ndinaona timapini ta pakona imodzi titagona. Munthuyo anayankha mopanda manyazi kuti motherboard inali yotha kale, anakana kubweza ndalama ya purosesa ponena kuti yatsegulidwa m'bokosi, pomwe anaitsegula ndi iye mwini, ndipo anafunanso kuti ndimulipire chifukwa cha nthawi yake. Ntchito ya anthu yomwe ndinalonjeza kupereka sabata imeneyo inali m'kompyuta yomweyo. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake ndimapsa mtima.

Inu musalole munthu kukuuzani za purosesa asanaone dzina lenileni la motherboard yanu. Ikani pulogalamu ya CPU-Z, ikuonetsani dzinalo, kenaka mufufuze mndandanda wa mapurosesa omwe kampani yopanga motherboard imeneyo inavomereza, pamodzi ndi BIOS (pulogalamu ya mu motherboard yomwe imayatsa kompyuta) yomwe ikufunika. Ngakhale pa soketi ya AM4 ya kampani ya AMD, yomwe anthu amaitama kuti inakhalitsa, motherboard zambiri za B450 zimafuna kusintha BIOS musanaikemo purosesa ya Ryzen 5000.

Kunena zoona, ndi 4GB vuto lanu lalikulu si purosesa ayi. Yambani ndi RAM, ndipo gulani ziwiri zofanana za 8GB kuti zigwire ntchito pa dual channel, kutanthauza zonse ziwiri nthawi imodzi, m'malo mogula imodzi ya 16GB. Onetsetsani mtundu wake: pa kompyuta ya desktop, DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi mapini 288, koma kampata ka pakati kali pamalo osiyana, choncho ikakana kulowa musaikakamize. Musaonongenso ndalama pa liwiro lalikulu, chifukwa pa B250 ndi purosesa ya m'badwo wa 7, RAM ya 3200 idzayenda pa 2400 basi. Ngati mukadali pa hard disk yozungulira, SSD, yomwe ndi chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk, idzasintha zambiri kuposa purosesa iliyonse yomwe soketi yanu ingalandire.

RAM ikani nokha, ndi ntchito yosavuta bola muchotse chingwe cha magetsi kaye. Koma purosesa musaigwire nokha ngati simunachitepo, pitani nayo kwa wokonza makompyuta, mungoimirira pomwepo mpaka atatseka. Ndipo ngati mukufuna Windows 11, dziwani kuti mapurosesa ambiri a m'badwo wa 7 sali pa mndandanda wa Microsoft, pomwe Windows 10 inasiya kulandira chithandizo pa 14 Okutobala 2025, kotero mungakakamizike kusintha motherboard ndi purosesa yomwe.