Musathamangire brushless, TT-02 yanu ikufuna ma bearing ndi pinion yoyenera

Achimwene, mwati Tamiya TT-02 yanu, kagalimoto koseweretsa ka rimoti, ikathamanga mphindi zisanu mota imatentha mosagwirika kenako galimoto n'kufooka, ndiye mukufunsa ngati muike mota ya brushless (yopanda ma brush) ndi batire la 3S (la ma selo atatu). Ndalamazo zisungeni kaye. Ndipo awo akukuuzani kuti muike pinion (giya laling'ono la pa mota) ya mano ambiri kuti liwiro likwere, akungokuthandizani kuwotcha mota msanga.

Masulani mota muiike pambali, galimotoyo muikankhe ndi dzanja pa simenti. Iyenera kuyenda yokha kamtunda ndithu. Ikaima pomwepo, mota ilibe mlandu. TT-02 wamba imabwera ndi ma bushing apulasitiki, ndipo fumbi likakumana ndi girizi m'menemo limasanduka phala lokhakhala lomwe limagwira shafti n'kumaidya. Seti ya ma bearing imakhala ndi 16.  Tengani otseka ndi labala, osati ndi chitsulo, chifukwa cha fumbi. Onaninso ma nut a matayala, mukawamanga kwambiri tayala limagwira.

Tsopano magiya, pomwe ambiri amalakwitsa. Spur (giya lalikulu lomwe pinion imazunguza) ya m'bokosi ili ndi mano 70, pinion 22, ndipo magiya a m'kati amachulukitsa ndi 2.6. Ndiye 70 kugawa ndi 22, kuchulukitsa ndi 2.6, mupeza 8.27. Mukaika pinion ya 25 nambalayo itsika kufika 7.28: liwiro likwera pang'ono panjira yowongoka, koma mota imavutika potuluka pakona iliyonse, ndipo kuvutikako ndiko kutentha. Ngati mukuseweretsa pabwalo laling'ono la makona ambiri kapena padothi, tsikani pa 19, mupeze 9.58. Mukatha mphindi zisanu gwirani mota ndi chala. Mukalephera kupirira masekondi atatu, yapitirira madigiri 70, ikani pinion yocheperako ndi dzino limodzi kapena awiri.

Pogula pinion muonetsetse kuti yalembedwa 0.6 module (muyezo wa kukula kwa mano). Ya 48 pitch imaoneka yofanana ndi maso, imalowanso bwinobwino pa mota, koma imatafuna spur tsiku lomwelo. Ikhale yachitsulo, chifukwa ya aluminiyamu ya m'bokosi imaperepeseka n'kusiya phala lotuwa m'magiya. Pomangira mota pali mabowo osiyanasiyana, pinion iliyonse ili ndi ake, ndipo buku la kiti limasonyeza. Mukaphonya bowo magiya amathinana, mota n'kumatentha ngakhale zina zonse zili bwino. Ka grub screw (ka screw komangira pinion) kagwire paphwatalala pa shafti ya mota, ndi kadontho kamodzi ka threadlock (guluu woletsa screw kumasuka). Threadlock isakhudze pulasitiki, imaiphwanya.

Za kufookako, simunanene batire lomwe muli nalo. Ngati ESC yanu (kabokosi kolamulira mphamvu yopita ku mota) ndi Hobbywing QuicRun 1060, ili ndi ka jumper kosankhira mtundu wa batire, LiPo kapena NiMH. Kakakhala pa LiPo inu mukugwiritsa NiMH ya 7.2V, ESC imachepetsa mphamvu batire lisanathe, inu n'kumayesa mota yafa. Kulakwitsa kwa mbali inayo ndiye koopsa: LiPo yokhala ndi jumper pa NiMH imatsika kupitirira 3.0V pa selo, imafufuma, basi yatha.

LiPo si batire la tochi ayi. Tchajani pa balance (tchaja ikufananitsa ma volti a ma selo onse) nthawi zonse, 4.2V pa selo, pa 1C, kutanthauza 5A pa batire la 5000mAh. Ikani pa simenti m'thumba lake losayaka, osati pamatiresi kapena pampando, ndipo musachokepo. Likhala masiku osagwira ntchito, lisiyeni pa 3.8V pa selo. Lofufuma musalitchajenso, musalibowole. Musalisiye m'galimoto yotseka mawindo padzuwa la Okutobala. Ka pulagi koyera ka Tamiya kamasungunuka mphamvu ikachuluka, ikani pulagi ya XT60 kapena Deans, ndipo podula mawaya a batire dulani limodzi, liwotchereni, likutireni, kenako linalo. Mukadula onse pamodzi ndi pulayazi muona moto. Magetsi akazima, matchaja ambiri a mtundu wa B6 amalandira 11 mpaka 18V, ndiye batire la galimoto yeniyeni limatchaja, koma matchaja abodza ndi ochuluka pamsika ndipo amanama ma volti, choncho yezani selo iliyonse ndi mita.

3S ndi 11.1V. Pa mota ya 540 ya m'bokosi idya ma brush, ndipo shafti yapakati yapulasitiki imapindika ikazungulira kwambiri. Mukadzafunadi brushless, yambani ndi shafti ya aluminiyamu ndi ma shock a mafuta, mukhale pa 2S (ma selo awiri). Ngati cholinga ndi mpikisano funsani malamulo a kalasi musanagule, ambiri amafuna mota ya 17.5T kapena 21.5T pa 2S, ndipo ya 3S sakulolani n'komwe kuiika pamzere. Dziwaninso kuti ogulitsa ambiri akunja satumiza LiPo pandege, n'kosavuta kuitanitsa ku mashopu a ku South Africa ibwere pamsewu.

Za penti, ine ndingoti bodi ya polycarbonate imafuna penti ya PS yopopera m'kati, ya TS imakanganuka mukangogunda khoma. Ma screw a Tamiya ndi a JIS (muyezo wa ku Japan), screwdriver ya Phillips wamba imawononga mitu yake. Pobwezera screw m'pulasitiki yambani mwaitembenuzira kumanzere mpaka mumve kuti tha, yalowa m'mzere wake wakale, kenako mangani.