Kumanga nyumba zamatabwa pamwamba pa nyumba yakale

Mwafunsa ngati nyumba yakale ya konkire ingasenze nyumba zogonamo zamatabwa pamwamba pake. Zimatheka ndithu, chifukwa matabwa ndi opepuka. Matabwa a CLT, omwe amamatidwa mopingasa m'magawo 3, 5 kapena 7, amalemera pafupifupi makilogalamu 500 pa kiyubiki mita, pomwe konkire amafika 2,400. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, pa 55 Southbank Boulevard, anasanja nsanjika 10 za CLT pamwamba pa nyumba ya maofesi.

Koma musagule thabwa ngakhale limodzi injiniya asanayeze maziko ndi nsanamira za nyumba yakaleyo. Makoma atsopano nthawi zambiri sakhala pomwe pali nsanamira zakale, choncho pakati pamaikidwa mitanda yachitsulo yoti igawe kulemerako. Nyumba yopepuka mphepo imaikankha n'kuinyamula, ndiye mabawuti oimangirira pansi asachepe.

Mdani wamkulu ndi madzi. Matabwawa amachoka kufakitale ali ndi chinyezi cha pafupifupi 12 peresenti. Mvula ikalowa m'mphepete mwake, inu n'kutseka asanaume, amaola mkati mosaoneka. Aphimbeni kuti asanyowe tsiku lomwelo lomwe afika, chonde.

Pa moto, thabwa limanyeka pafupifupi mamilimita 0.65 pa mphindi, kotero kuchindikala kwake kuwerengedwe bwino, ndipo makoma akutidwe ndi mabolodi a gypsum, omwe amachedwetsa moto.