Funsani Alangizi: Mita ya pH ikayamba kunama

Funso: Alangizi, ndimalima letesi ndi tomato m'mapaipi a madzi, popanda dothi. Mita yanga ya pH (muyeso wa asidi m'madzi), yonga cholembera ija, imangoonetsa 6.0 tsiku ndi tsiku, koma masamba anthete akuchita chikasu pomwe mitsempha yake ikadali yobiriwira. Feteleza sindinasinthe. Vuto lili pati? – Bambo wa ku Senga Bay

Yankho: Bambo, musanathamangire feteleza wina, yambani mwaikayikira mitayo. Chikasu chotere pa masamba anthete nthawi zambiri chimatanthauza kuti mbewu ikulephera kuyamwa ayironi. Ayironiyo m'thanki alimo, koma pH ikapitirira 6.5 n'kumayandikira 7, mizu imavutika kumutenga. Mbewu ziwiri mwatchulazi zimakula bwino pakati pa 5.5 ndi 6.5. Madzi a m'nyanja ya Malawi pH yake imakhala cha m'ma 8, komanso mbewu zikamayamwa nayitireti wa m'feteleza, pH ya m'thanki imakwera yokha. Nambala yosasuntha mlungu wonse si yoikhulupirira.

Mita imafunika kuchunidwa, monga momwe sikelo ya mpunga imayesedwera ndi mwala wodziwika kulemera kwake. Pano mwalawo ndi madzi otchedwa buffer, omwe pH yake ndi yodziwika kale. Mamita otsika mtengo amabwera ndi timapaketi ta ufa tolembedwa 6.86, 4.01 ndi 9.18. Kapaketi kalikonse sungunulani m'botolo lakelake, m'mamililita 250 a madzi a distilled, omwe aja timathira m'batire ya galimoto. Werengani bwino pabotolo pogula, chifukwa asidi wa batire amagulitsidwanso m'mabotolo ndipo maonekedwe ake ndi amadzi enieni. Madzi a pampopi, a pamjigo ngakhale a mvula musasungunulire ufawu.

Pochuna, thirani buffer pang'ono m'kakapu koyera, wongokwanira kumiza kababu kagalasi kamene kali kunsonga kwa mita. Yambani ndi 6.86. Tsukuluzani nsongayo ndi madzi a distilled, igwedezeni kuti madontho agwe, iviikeni, takasani pang'ono, kenako dikirani mpaka nambala itaima. Zimatenga ngati mphindi imodzi. Mukatero dinani batani la CAL, kapena potokolani kasikulu ngati mita yanu ndi ya mtundu umenewo, mpaka ionetse 6.86. Tsukuluzaninso, muchite chimodzimodzi ndi 4.01. Madzi a mbewu zanu amakhala pakati pa manambala awiriwa, choncho 9.18 mutha kumusiya. Buffer wotsala m'kakapu tayani, asabwerere m'botolo.

Pali msampha wina. Mamita ena anapangidwira buffer wa 7.00, osati 6.86. Mukaviika mita yotere mu 6.86 n'kudina CAL, ingathe kumutenga ngati 7.00, ndiye kuti mwailakwitsa nokha ndi 0.14. Kapepala ka m'bokosi kamanena buffer woyenera.

Kutentha kwa kuno kunyanja nakonso musakuiwale. Manambala a pa timapaketi ndi a pa madigiri 25. Pa madigiri 30, buffer wa 6.86 amatsika pang'ono chabe kufika 6.85, koma wa 9.18 amafika 9.14. Chosokoneza kwambiri ndi kutenga mita yomwe yawotcha padzuwa la Okutobala n'kuiviika m'madzi ozizira: nambala imangoyendayenda. Chunani m'mawa, pamthunzi, mita ndi buffer zitakhala malo amodzi kwa theka la ola. Ngati mumayeza tsiku lililonse, chunani kamodzi pa mlungu, komanso mita ikagwa pansi kapena mukasintha mabatire.

Funso: Ndinaisunga mita m'kabati miyezi iwiri. Potsegula ndapeza kachivindikiro kali gwa, kouma, ndi tinthu toyera ngati mchere. Mnzanga akuti ndizisungamo madzi a batire kuti isaumenso. N'zoona? – Mayi wa ku Dwangwa, Nkhotakota

Yankho: Mayi, mnzanuyo wakhoza theka. Kababu sikayenera kuuma, chifukwa pamwamba pa galasi lake pali kachikuto kopyapyala konyowa, ndipo n'kamene kamagwira ntchito yoyeza. Koma madzi a batirewo, a distilled aja, ndi otsukuluzira basi. Mukasungiramo mita, amakoka mchere wa m'kati mwa nsonga, mita n'kuyamba kuchedwa ndi kulakwitsa. Osungira enieni ndi madzi a mchere wa potaziyamu, olembedwa KCl pabotolo. Madontho ochepa m'kachivindikiro akwana. Akasowa, buffer wa 4.01 agwirizira kwa kanthawi.

Tinthu toyerato ndi KCl wouma, musade nato nkhawa, tsukuluzani. Kenako viikani nsonga m'madzi osungira usiku wonse, m'mawa muichune. Ngati pamera ndere kapena pamatirira feteleza, iviikeni mphindi 15 m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi dontho la sopo wotsukira mbale. Kababu musakapukute ndi nsalu kapena chala. Mukaona kathovu ka mpweya m'kati mwake, gwirani mita nsonga ili pansi, muikutumule kawiri katatu.

Funso: Kodi mandimu kapena viniga angatsitse pH? – Wophunzira za ulimi, Chipoka

Yankho: Amatsitsa, koma sizikhalitsa: tizilombo ta m'madzi timadya asidi wake, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri pH yabwerera. Wodalirika ndi phosphoric acid wogulitsidwa ngati pH Down. Yambani mwasungunula feteleza yense, yezani, ndiye muthire asidi pang'onopang'ono ndi sirinji, mutamusungunula kaye m'kapu ya madzi. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo valani magolovesi. Takasani, dikirani mphindi 20, yezaninso.

Funso: Ndingadziwe bwanji kuti mita yatha ntchito? – Bambo wa ku Kamuzu Road, Salima

Yankho: Bambo, yambani mwasintha mabatire, chifukwa akafooka manambala amasokonekera. Mukatero ichapeni, igone m'madzi osungira, muichune ndi buffer watsopano. Ikamatenga mphindi zingapo nambala isanaime, kapena ikamaonetsa nambala imodzimodzi mu 6.86 ndi mu 4.01, nsonga yafa kapena galasi lang'aluka. Nsonga yosamalidwa bwino imakhala chaka chimodzi kapena ziwiri. Mamita ena nsonga imachotsedwa n'kuikapo ina. Pa timamita totsika mtengo tija, mungogula katsopano. Poyembekezera, madontho oyezera pH osintha mtundu wa madzi angakuuzeni ngati muli cha m'ma 6 kapena mwadutsa 7.