Achemwali, nkhani ya chibaluni chija ili motere

Achemwali, mwaswera bwanji? Pepani ndayankha mochedwa, foni inali ku tchaji. Ndaona kavidiyo mwatumiza kaja, ka chindege chachibaluni chikuyaka m'mwamba, ndipo funso la mwana wanu ndalimva: poti haidrojeni ndiye mpweya wopepuka kuposa wina uliwonse, bwanji masiku ano amapopera hiliyamu? Mumuitane amve yekha, kulemba kunditalikira.

Chimene mwaonacho ndi Hindenburg, ya ku Germany. Inapsa pa 6 May 1937 ikufuna kutera ku Lakehurst, ku New Jersey. Chinthu chotalika mamita 245, eee, mabwalo ampira awiri n'kutsalako. Munali anthu 97, anafa 35, n'kuwonjezerapo wina mmodzi amene anali pansi. Ndipo moto wake sunatenge ndi mphindi imodzi yomwe, chonsecho chinali chitagwa kale. Haidrojeni ndi wotero, akangosakanikirana ndi mpweya wakunjawu, kakuthetheka kakang'onong'ono basi, wabuka. Hiliyamu sayaka ngakhale mumuyatsire machesi bokosi lonse.

Tsono apa mpamene ambiri amasokonezeka, inenso ndinkaganiza choncho. Amati hiliyamu amalemera kawiri kuposa haidrojeni, ndiye kuti azinyamula theka. Iyayi. Mukukumbukira tili ana tinkakankhira chigubu chopanda kanthu pansi pa madzi, icho n'kumatibwerera kumaso? Chimachikankha m'mwamba ndi madzi amene chawasuntha pamalo pake. Baluni nayenso chimodzimodzi, kungoti iye akuyandama mu mpweya. Ndiye tengani malita 1,000. Mpweya timapumawu ukhala pafupifupi magalamu 1,290. Haidrojeni magalamu 90, hiliyamu 180. Muchotsere. Haidrojeni anyamula cha m'ma 1,200, hiliyamu cha m'ma 1,110. Mwaona? Onse awiri ndi opepuka kwambiri moti kusiyana kwawo kumangotsala pafupifupi 8 peresenti. Kwa ine, kutaya 8 peresenti kuti usapse, palibe n'zokambirana.

Koma musaganize kuti Ajeremani anali opusa. Ankadziwa bwinobwino, ndipo poyamba Hindenburg ankafuna kuti idzagwiritse hiliyamu. Vuto linali lakuti hiliyamu sungamupange mufakitale monga haidrojeni, amene ungamutulutse ngakhale m'madzi pogwiritsa magetsi. Iyeyu amachokera pansi, wosakanikirana ndi gasi wokumba uja, ndipo nthawi imeneyo pafupifupi yense anali m'manja mwa America, amene lamulo lawo linkaletsa kumugulitsa kunja. Ndiye anangoti tapita kale maulendo ambiri ndi haidrojeni osapsa, tiyeni nazo.

Kapezedwe kake ku America kamandiseketsa. Mu 1903, ku kamudzi kotchedwa Dexter ku Kansas, anaboola pansi n'kupeza gasi. Anthu anasonkhana kuti asangalale, amuyatse onse aone. Gasi uja kukana kuyaka, m'malo mwake n'kuzimitsa motowo! Atamuyeza anapeza kuti wambiri anali naitrojeni, mpweya wosayaka, koma munalinso hiliyamu. A ku America omwewo anaphunzira movutikira, chibaluni chawo chotchedwa Roma chinapsa mu 1922 ku Norfolk, anafa anthu 34, ndiye anasiyiratu haidrojeni. Aku Britain nawo R101 yawo inagwa n'kupsa ku France mu 1930, anafa anthu 48.

Chimodzi mumuuze mnyamatayo asalembe zolakwika kusukulu: hiliyamu amangochotsa moto, osati ngozi zonse. Akron ya asilikali apamadzi a ku America inali ya hiliyamu, koma inagwera m'nyanja kuli chimphepo mu 1933, anafa anthu 73, kuposa a pa Hindenburg. Kungoti panalibe wojambula.

Mtengo ndiye umapweteka. Hiliyamu ndi wodula, ndipo zipatala zimamufunanso poziziritsa makina a MRI aja, ounikira m'kati mwa thupi. N'chifukwa chake a zanyengo m'malo ambiri amapoperabe haidrojeni m'mabaluni awo, poti simukwera munthu.

Ndiye zija munkati mabaluni oyandama a pa ukwati mwezi wamawa, achemwali, mufunse wopoperayo kuti m'silinda mwake muli chiyani. Ena amadzipangira haidrojeni chifukwa ndi wotchipa, ndipo paja pakeke pamakhala makandulo. Akazengereza kuyankha, tingopopa ndi pakamwa, tiwamangirire pa zingwe. Apatseni moni alamu.