Kwa achemwali ofunsa za Halloween kuno ku Dublin

Achemwali, choyamba pepani kwambiri ndi imfa ya amayi. Mzimu wawo uwuse mumtendere. Uthenga wanu wa m'gulu lathu lino ndauwerenga kawiri. Mwati munafika kuno mu Febuluwale ndi ana awiri, amayi anatisiya mu Juni inu osatha kupita kumaliro, ndipo tsopano mukangotuluka pakhomo mukukumana ndi zigaza ndi mafupa m'mawindo a anthu. Kusukulu nako akuti ana abwere atavala za Halloween. Mukufunsa ngati muwalole, kapena mungotseka chitseko n'kuzimitsa magetsi mpaka zidutse. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Ine ndikuti aloleni ana, koma mosankha, ndipo masiku awiri otsatirawo, pa 1 ndi pa 2 Novembala, muwasungire amayi. M'dziko muno masiku atatuwa ndi chingwe chimodzi. Sitolo zimangotionetsa tsiku loyambalo poti ndi limene lili ndi malonda.

Mwina munamva kuti Halloween ndi za ku America. Kwawo kwenikweni ndi kuno ku Ireland. Makolo a anthuwa anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain (amatchula ngati "sawini"), chotsekera nyengo yokolola n'kutsegulira miyezi ya chisanu ndi mdima. Ziweto ankazitsitsa kumapiri, n'kusonkha moto waukulu, ndipo ankakhulupirira kuti usiku umenewo malire a amoyo ndi amene anatsogola amapyapyala. Kenaka Mpingo unaika Tsiku la Oyera Onse pa 1 Novembala, ndipo dzina loti Halloween limangotanthauza madzulo oti mawa lake ndi la Oyera Onse. Njala yaikulu ya mbatata ya kachewere itavuta, kuyambira 1845 mpaka 1852, anthu ochuluka anathawira ku America atanyamula mwambowu. Kumeneko ndi kumene anapeza maungu. Kuno ankagoba turnip, chomera cha muzu wobulungira ndi wolimba ngati chitsa, n'kuikamo moto. Mwambo unabwerera kwawo utanenepa ndi malonda, ndiwo mukuuona m'sitolo za Penneys ndi Dealz.

Ena m'gulu muno anena kuti "amenewa ndi gule wawo basi." Ine sindivomereza. Gule wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi dambwe ndi malamulo, ndipo akatuluka pamaliro kapena pachiliza amakhala ali pantchito. Kamwana kovala chinsalu cha mayuro khumi sikali pamwambo uliwonse, kakungofuna maswiti. Pachifukwa chomwecho, chonde pasapezeke wina mwa ife woveka mwana ngati gule n'kumayenda naye m'makomo a anthu. Zimenezo si zosewera nazo.

Za kusukulu musade nazo nkhawa. Sukulu zimatseka sabata ya Lolemba lomaliza la Okutobala, lomwe ndi holide, ndiye kuvalako kumachitika Lachisanu asanatsekere. Palibe amene amati mwana avale ngati mfiti kapena chiwanda. Wanga wamng'ono chaka choyamba anapita ngati namwino, chaka chinacho ngati mkango, ubweya wake tinapanga ndi ulusi wa juzi yakale. Ana ambiri m'kalasi amabwera ngati ozimitsa moto, amphaka, mafumukazi ndi anthu a m'makatuni. Muyambe mwayang'ana m'sitolo za kaunjika za Vincent's musanawononge ndalama. Ngati chikumbumtima chanu kapena mpingo wanu ukukana ndithu, lembani kakalata kwa aphunzitsi, amamvetsa. Chokhacho, khalani nawo pansi anawo muwafotokozere chifukwa chake, poti mwana wobwera kumene amamva kuwawa akakhala yekha wa yunifolomu pakati pa anzake.

Tsiku la 31 lenilenilo kumada msanga. Mawotchi amakhala atabwezedwa ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la mweziwu, ndiye pofika 5 koloko dzuwa lalowa. Ana amayenda m'makomo kuyambira nthawi imeneyo mpaka cha m'ma 8, ndipo lamulo losalembedwa ndi loti mumagogoda pakhomo pokhapo pamene pali dzungu loyaka kapena zokongoletsa. Pamene pali mdima mumadutsa. Inunso mukafuna kuti asakugogodereni, musaike kalikonse panja. Pitani nawo nokha, musawatume ndi anzawo, muwaveke juzi m'kati ndi kanthu kowala usiku. Yendani mumsewu wanu ndi umodzi woyandikana nawo, zakwana. Ndikuuzeni chimene chinandisintha maganizo ine: ndinakhala miyezi isanu ndi itatu mumsewu wathu osadziwa dzina la munthu aliyense. Usiku umenewo zitseko zinatseguka chimodzichimodzi, ndipo agogo ena a nyumba yachitatu anagwira mwana wanga patsaya, n'kumuikira mtedza wamakoko ndi apulo m'thumba. Anandiuza kuti iwo ali ana sankati "trick or treat" monga amanenera ana a lero akagogoda, ankati "help the Halloween party", ndipo ankalandira mtedza ndi zipatso zokhazokha. Mpaka lero ndi amene amandisungira makiyi ndikachoka.

Chimene muyenera kuopa si mizukwa, ndi moto. Makombola ambiri ndi oletsedwa muno popanda chilolezo, koma muwamva akuphulika masabata angapo tsikulo lisanafike. Anyamata amaunjika mapaleti ndi matayala pabwalo n'kuyatsa, zomwenso ndi zoletsedwa, ndipo usiku umenewu ndi umodzi mwa otangwanitsa kwambiri kwa ozimitsa moto a mumzinda muno. Mwana asayandikire, chifukwa nsalu za zovala zogulazi zimagwira moto ngati udzu wa mu Okutobala kwathu. M'dzungu ikanimo kanyale ka batire m'malo mwa kandulo. Pakagwa ngozi imbani 112 kapena 999. Khonsolo ya mzinda imakonza zochitika za mabanja m'madera ngati Ballymun ndi Finglas kuti ana asapite kumoto kuja, ndipo m'nyengo yomweyi kumakhala Bram Stoker Festival, chikondwerero chokumbukira mlembi wa buku la Dracula, chomwe zina mwa zochitika zake ndi zaulere. Koma onetsetsani kuti uthengawo wachokera kukhonsolo kapena kwa okonza enieni. Mu 2024 khamu la anthu linadzaza O'Connell Street kudikira chionetsero chimene tsamba lina la pa intaneti linalengeza, chikhalirecho kunalibe, mpaka a Garda, apolisi a kuno, anachita kuwapempha kuti abalalike. Ndipo wina akakuitanani ku Derry, kumene chikondwererochi chimakula kwambiri, kumbukirani kuti uko ndi ku Northern Ireland, mbali ya United Kingdom. Pamsewu palibe chipata, koma chiphaso chanu chokhalira muno sichikulolani kulowa kumeneko popanda viza yawo.

Gulaninso barmbrack, buledi wazipatso zouma amene amadzaza m'sitolo nyengo ino. M'kati mwake amabisamo mphete, ndipo woipeza amati ndiye adzayamba kukwatira. Kale ankaikamonso ndalama ya chuma ndi kansanza ka umphawi. Mudule nokha mosamala mwana angameze mpheteyo, mupake batala, mumwere tiyi.

Tsopano za amayi, zomwe ndikuona kuti ndizo zakulembetsani uthengawu.

Bambo anga anamwalira ine ndili kuno. Maliro ndinawaonera pafoni, nditakhala pansi m'khitchini, mawu akudukaduka, adzukulu akukwirira ine ndikungoona fumbi. Kwathu maliro n'kulirana: anthu amagona pasiwa, amayi amakukhalira pafupi, wina amakukakamiza kuti udyeko phala. Kuno unalira wekha, mawa lake n'kukwera basi kupita kuntchito. Novembala woyamba, mayi wina wa kutchalitchi anandipatsa envelopu yokhala ndi pepala lamizeremizere. Anati ndi mndandanda wa akufa wa mwezi wa Novembala: umalembapo mayina a abale ako onse amene anatsogola, n'kukaponya m'bokosi pafupi ndi guwa, ndipo amawapempherera pa Misa mwezi wonse. Ndinakhala pabenchi n'kulemba dzina la bambo, la agogo onse anayi, la mchimwene wanga amene anapita ali wakhanda. Dzanja linkanjenjemera. Maparishi ambiri amachitanso Misa yapadera yokumbukira amene amwalira m'chakacho, amatchula dzina lililonse ndipo wachibale amapita kutsogolo kukayatsa kandulo. Ndinapempha kuti bambo awaikepo ngakhale sanali a parishiyo, sanakane. Wansembe anabwera kudzandifunsa katchulidwe kake Misa isanayambe, anabwereza katatu mpaka anakhoza. Kumva dzina la kwathu likutchulidwa mokweza pakati pa mayina a eni dziko, ine n'kuimirira, ndi pamene ndinalira kulira kumene ndinkayenera kulira kumudzi.

Simunanene kuti mumapemphera kuti. Ngati ndinu a Katolika, pa 1 Novembala ndi tsiku lolamulidwa kupita ku Misa muno, ndipo pa 2 ndi lokumbukira akufa onse, monga momwe kwathu akhristu amapitira kukalambula kumanda ndi kupemphera. Pitani ku ofesi ya parishi sabata ino mukalembetse dzina la amayi, musadikire. Ngati ndinu a mpingo umene supempherera akufa, palibe cholakwika kupempha abusa kuti atchule amayi pothokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo, ndiponso kuti akupemphererereni inu otsala.

Eni dziko muno anali ndi mwambo wina umene umandikhudza. Usiku wa pa 2 Novembala ankasesa m'nyumba, n'kusonkha moto wabwino, kuika mbale ya madzi patebulo, kuyatsa kandulo pawindo ya wachibale aliyense womwalira, n'kukagona chitseko chosakhoma, kuti amene anapita akabwera kudzaona kwawo apeze pofunda. Anthu otere sangadabwe mukawauza kuti kwathu munthu akamwalira sachoka m'banja. Ine chitseko ndimakhoma, koma kandulo ndimayatsa. Ndimaika chithunzi cha bambo patebulo, ndimaphika chimene ankakonda, nsima ndi usipa wothira tomato wambiri, ufa wake ndimakagula m'sitolo za Moore Street. Tikamadya ndimawauza ana nkhani za agogo awo: njinga yawo, mmene ankaimbira mluzu akamasema mpini, mawu amene ankakonda kunena akakwiya. Chitani chimodzimodzi ndi amayi. Ana anuwo nawonso ataya agogo, ndipo akuona kuti mayi wawo sali bwino ngakhale simukunena. Mugwirizane ndi akumudzi kuti tsiku limenelo akapite kumanda akuimbireni pa WhatsApp. Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri mawotchi akabwezedwa, ndiye iwo akapita 8 koloko dzuwa lisanawawe, inu mudzuke 6. Ndi nthawi yabwinonso yoyamba kukambirana za chiliza, kuti mudziwe mwezi woti musungire tchuthi ndi ndalama ya ndege.

Ngati mtima ungalole, pitani ku manda a Glasnevin. Ndikudziwa kuti kwa ife n'zachilendo: kwathu sulowa kumanda popanda amfumu kudziwa, ndipo ana sapondako wamba. Kuno anthu amayendamo ndi makanda m'ngolo, kulowa n'kwaulere. Mandawa anatsegulidwa mu 1832 chifukwa cha khama la Daniel O'Connell, mtsogoleri wandale amene ankamenyera ufulu wa Akatolika, panthawi imene Akatolika ankavutika kuika akufa awo ndi mapemphero awo, ndipo iye anafuna malo oika anthu a chipembedzo chilichonse. Muli anthu opitirira 1.5 miliyoni, ndipo ambirimbiri ndi osauka ogona m'manda opanda mwala, ena ophedwa ndi njala ija ndi kolera. O'Connell mwini wake ali pansi pa nsanja yaitali imene mumaiona muli kutali, ndipo pamanda a Michael Collins, mmodzi mwa atsogoleri a nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino, simusowa maluwa. M'mphepete mwa mpanda muli tinsanja ta alonda amene ankateteza mitembo kwa akuba okagulitsa kwa ophunzira udokotala. Kumayambiriro kwa Novembala mupeza mabanja akutsuka miyala ndi kusintha maluwa, masamba achikasu ali mbwee pansi. Anzathu a ku Poland, amene ndi ambiri mumzinda muno, tsiku la 1 Novembala amalilemekeza kwambiri, ndipo m'sitolo zawo amagulitsa makandulo a m'mabotolo agalasi otchedwa znicze, osazima ndi mphepo. Amenewo ndi amene ndimagula. Ulendo woyamba pitani nokha kapena ndi mnzanu, masana, ana adzapite chaka china. Mukatopa, pali chipata chotulukira ku National Botanic Gardens, komwe mungakhale pansi m'nyumba yagalasi yofunda, pakati pa nthochi ndi migwalangwa, mpaka misozi iume.

Ine ndikhala ndikupita Loweruka loyamba la Novembala cha m'ma 11. Ngati mukufuna, ndilembereni kumbali tidzapitire limodzi. Ndidzatenga makandulo awiri ndi fulasiki ya tiyi, inu mudzangobwera ndi jekete yokhuthala ndi chithunzi cha amayi.