Nkhono ya ku Paisley ndi mbuzi ya aneba

Achemwali, mwafunsa kuti ife amene tinaphunzira zamalamulo ku Chanco timaseka chiyani tikakumbukira. Ena anena kale za kugona mu laibulale, ine ndinene za tchuthi, poti mayeso enieni ankatidikira kumudzi.

Tonse tinadutsa pa nkhono ija, eti? Mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932. Mayi wina ku Paisley, ku Scotland, anamwa ginger beer yemwe mnzake anamugulira. Botolo linali losaonekera mkati, ndipo pothira wotsalayo akuti munatuluka nkhono yowola. Poti ndalama sinachoke m'thumba mwake, panalibe pangano lililonse pakati pa iye ndi wopanga chakumwacho, koma woweruza Lord Atkin anati wopanga katundu ayenera kusamala za aliyense amene angavulale ndi katunduyo. Sabata imeneyo kalasi yonse inkayamba yaunika botolo padzuwa isanamwe.

Ndiye ubwere nayo nkhonoyo kwathu kuno ku Mulanje. Ungotsika minibasi pa Chitakale, a kabaza akukuwa kale kuti a loya afika, pomwe chaka choyamba sunamalize n'komwe. Madzulo a malume ali phee pakhonde, chipewa pabondo: mbuzi ya aneba yawadyera chinangwa. Ine, mutu uli moto, n'kuyamba kulakatula za duty of care, udindo wosamala za ena uja, dzina la Atkin osalisiya. Anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha, kenako amvekere, "Mwana iwe, mzungu wakoyo sindimudziwa. Ndiuze, andilipira nkhuku zingati?" M'mawa mwake a nyakwawa anaithetsa nkhaniyo pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lisanafike paliwombo, opanda buku m'manja.

Funso lomwe linkandisowetsa mtendere linali la vakabu. Anyamata ogulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu wa ku Muloza ankafuna kudziwa ngati munthu angamangidwe chifukwa chongoyenda usiku. Nthawi imeneyo gawo 184 la Penal Code (buku la milandu ndi zilango), lomwe linkamangitsa anthu pa vakabu, linali ndi mano, ndipo ndinkangowauza kuti azifika msanga kunyumba. Mu 2017 High Court, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wa majumbo ku Blantyre, inagamula kuti ndime 184(1)(c) ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mmodzi wa anyamatawo anandiimbira foni kundithokoza, poganiza kuti ndine ndagwetsa lamulolo. Anatumiza ndi chinanazi pa minibasi, chosapsanso bwino, ndipo kondakitala anandilipiritsa mtengo wa katundu.