Yankho kwa mayi amene akufuna kukacheza ku Cork

Mayi, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuchoka ku Manchester kumene mukukhala n'kukathera masiku atatu a tchuthi chanu ku Cork m'malo mwa Dublin, ndiponso mwafuna kudziwa zoti mukaone kumeneko poti anzanu akungokuuzani za mwala wa ku Blarney basi. Ine ndikuti pitani ku Cork, koma ulendo wanu muukonze motsatira madzi, chifukwa mzindawu unakula ndi doko, ndipo zambiri zimene zimaukometsa zili m'mbali mwa mtsinje wa Lee ndi kumene mtsinjewo umakathira m'nyanja.

Ndiyambe ndi mapepala, poti ambiri amapunthwira pamenepa. Dziko la Ireland si gawo la United Kingdom ndipo silili m'gulu la Schengen la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, choncho ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi mufunika viza ya Ireland payokha ngakhale muli ndi chilolezo chokhalira ku Britain. N'chimodzimodzi kwa abale athu a pasipoti ya Zambia ndi ya Zimbabwe, ndipo kuyambira mu Julaye 2024 a pasipoti ya South Africa nawonso amafunsidwa viza. Ipempheni nthawi ikadalipo, musanagule tikiti yosabweza ndalama. Ndalama za kumeneko ndi euro. Cork ili ndi bwalo lake la ndege makilomita ochepa kummwera kwa mzinda, koma mukatsikira ku Dublin mungathe kukwera sitima yapamtunda pa siteshoni ya Heuston, ndipo mumafika pa siteshoni ya Kent ku Cork patatha pafupifupi maola awiri ndi theka.

Cork ndi mzinda wachiwiri kukula m'dziko la Ireland, wa anthu pafupifupi 224,000 malinga ndi kalembera wa 2022, komabe pakati pake ndi pang'ono moti mumayenda wapansi osafuna galimoto. Mtsinje wa Lee umagawikana pawiri n'kudzakumananso, ndipo mashopu, misika ndi nyumba zodyera zili pachilumba chimene chili pakati pa nthambi ziwirizo. Mukadzayenda mu St Patrick's Street, msewu waukulu wamalonda, mudzaona kuti ndi wokhota. Kukhotako n'chifukwa chakuti kale munali madzi momwe munkalowa mabwato a amalonda, ndipo msewuwo anaumanga pamwamba pake.

Tsiku loyamba yambirani ku English Market, msika wofolera umene unatsegulidwa mu 1788 ndipo ukugwirabe ntchito mpaka lero. Ndimaukonda chifukwa eni mzinda amagulamo ndiwo zawo za tsiku ndi tsiku, ndiye mlendo amaona moyo weniweni wa anthu. Muli nsomba zongovuulidwa kumene, tchizi, buledi ndi nyama, komanso zakudya zimene mwina simunaziyembekezere ku Ulaya: chifu cha ng'ombe chimene amachiphika ndi mkaka ndi anyezi, soseji ya magazi yotchedwa drisheen, ndi mang'ina a nkhumba. Zakudya zimenezi zili ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1700 Cork inkapha ng'ombe zochuluka, nyama yabwino ankaithira mchere n'kuilongedza m'migolo kupita ku sitima zapamadzi za Britain ndi ku zilumba za Caribbean, ndipo anthu osauka a mumzindamo ankatsala ndi zam'kati. Zimene ankadya chifukwa chosowa ndi zimene lero amanyadira. Mfumukazi Elizabeth II inafika mumsikawu mu Meyi 2011 pa ulendo wake wa ku Ireland. Dziwani kuti Lamulungu msikawu sutsegulidwa, ndiye musausiyire tsiku limenelo.

Mukachoka pamsika wolokani mlatho kulowera kumpoto, mukwere chitunda kupita ku Shandon. Valani nsapato zoyendera chifukwa kumeneko n'kokwera ndithu. Pamwamba pake pali tchalitchi cha St Anne chimene chinamangidwa m'zaka za m'ma 1720, chokhala ndi nsanja ya miyala yofiira mbali ziwiri ndi yoyera mbali ziwiri, ndipo pansonga pake pali chifaniziro cha nsomba chosonyeza kolowera mphepo. Alendo amaloledwa kuliza okha mabelu asanu ndi atatu a m'nsanjamo, kenako n'kukwera masitepe opanikiza mpaka pamwamba pomwe mzinda wonse ndi mtsinje zimaonekera. Pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo mbiri ya batala. Musaidutse poganiza kuti nkhani yake ndi yaing'ono, chifukwa msika wa batala wa ku Shandon, umene unayamba cha m'ma 1770, unadzakhala waukulu kuposa wina uliwonse padziko lapansi m'zaka za m'ma 1800. Alimi a ku Kerry ndi kumadzulo kwa Cork ankabwera ndi batala m'timigolo pa akavalo, oyesa ankamuika m'magiredi, kenako ankapakiridwa m'sitima kupita kutali monga ku Brazil ndi ku Australia. Chimene chinawapatsa msika ndi kukhwimitsa magirediwo, moti wogula wakutali ankakhulupirira chidindo cha Cork asanatsegule n'komwe mgolo. Aliyense amene anaperekezapo fodya ku okushoni adzamva msanga mmene giredi imalamulira mtengo wa thukuta la mlimi.

Pobwerera kumunsi mudzaona kuti nyumba zambiri za mu St Patrick's Street si zakale ngati za ku Shandon. Usiku wa pa 11 Disembala 1920, m'kati mwa nkhondo yomenyera ufulu, asilikali a boma la Britain anatentha mbali yaikulu ya msewuwu pamodzi ndi nyumba ya khonsolo ya mzinda. Chaka chomwecho mzindawu unataya mameya ake awiri: Tomás Mac Curtain anawomberedwa m'nyumba mwake mu Malichi, ndipo Terence MacSwiney amene analowa m'malo mwake anamwalira mu Okutobala kundende ya Brixton ku London atakana chakudya masiku 74. Mayina awo mudzawaona pamisewu ndi pazipilala, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanafike. Nthawi ikakutsalirani, pitani ku tchalitchi chachikulu cha St Fin Barre ndi ku University College Cork, yomwe inakhazikitsidwa mu 1845, kumene George Boole anali pulofesa woyamba wa masamu. Nzeru zake ndi zina mwa zimene makompyuta amagwirira ntchito lero.

Tsiku lachiwiri lonse lipatseni Cobh, ndipo apa ndi pamene ndikukupemphani kuti musafulumire. Sitima yapamtunda yochokera ku Kent imatenga mphindi zosakwana 30, ikuyenda m'mphepete mwa madzi, ndipo khadi la Leap limene mumalipirira basi limagwiranso ntchito m'sitimayi. Cobh ndi tauni yaing'ono yomangidwa pachitunda choyang'ana doko lalikulu la Cork, nyumba zake zopakidwa utoto wamitundumitundu, ndipo pamwamba pake pali tchalitchi chachikulu cha St Colman chokhala ndi mabelu 49. Kuyambira 1849 mpaka 1920 tauniyi inkatchedwa Queenstown.

Alendo ambiri amapitako chifukwa cha Titanic, imene inaima komaliza padokoli pa 11 Epulo 1912 n'kunyamula anthu 123, ndipo nyumba imene inali ofesi ya White Star Line, kampani ya eni sitimayo, tsopano ndi malo ofotokozera nkhaniyo. Kuli koyenera kulowamo. Komabe nkhani yaikulu ya Cobh ndi ya anthu pafupifupi 2.5 miliyoni amene anakwerera sitima pamenepa pakati pa 1848 ndi 1950 kupita ku America, Canada ndi Australia. Kusamukaku kunakula ndi njala ya 1845 mpaka 1852, pamene matenda anaola mbatatesi imene osauka ankadalira, anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kufa. Ambiri mwa amene ananyamuka sanaonenso makolo awo, moti usiku woti mawa anyamuka abale ankasonkhana n'kuchezera ngati pamaliro. Zonsezi zafotokozedwa ku Cobh Heritage Centre, m'nyumba yakale ya siteshoni ya sitima, ndipo panja pake pali chifaniziro cha Annie Moore ndi alongo ake awiri, mtsikana amene ananyamukira pano n'kukhala woyamba kulembedwa pa Ellis Island, malo olandirira anthu osamukira ku America, ku New York pa 1 Januwale 1892. Ife amene tili kunja kwa kwathu, tikutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, sitingayende m'nyumba imeneyi osakhudzidwa, ndipo ndikukhulupirira kuti mudzawamvetsa bwino anthu a ku Ireland mukadzatulukamo. Kumtunda kwa tauniyi kuli manda a Old Church, kumene anaika ena mwa anthu amene anafa m'sitima ya Lusitania, imene inamizidwa ndi sitima yankhondo ya Germany pa 7 Meyi 1915 kufupi ndi Kinsale. Ngati nyengo ili bwino, kwerani boti kupita ku Spike Island, chilumba chimene chinakhalapo linga la asilikali komanso ndende mpaka 2004, koma tikiti yake gulirani pa intaneti chifukwa malo amatha msanga m'chilimwe.

Za Blarney sindikukuletsani. Nyumba yachifumu imene muli mwalawo inamangidwa mu 1446, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 8 kuchokera mumzinda, basi imafika, ndipo minda yake ya maluwa ndi yokongola kwambiri. Vuto ndi mzere wa anthu ofuna kupsompsona mwalawo, umene m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti umadya nthawi yambiri, komanso munthu amaufikira atagona chagada pamwamba penipeni pa khoma. Mukafuna kupita, lawirirani m'mamawa wa tsiku lachitatu, masana mubwerere mumzinda.

Madzulo mzindawu sugona msanga. M'mabala ambiri a mu Oliver Plunkett Street ndi MacCurtain Street mumakhala oimba, ndipo palibe amene angakudabweni mutaitanitsa tiyi kapena chakumwa chozizilitsa kukhosi m'malo mwa Murphy's kapena Beamish, mowa wakuda umene eni ake amaunyadira. Anthu a ku Cork amalankhula Chingerezi mofulumira ndi mokweza ndi kutsitsa mawu, ndiye musachite manyazi kuwapempha kuti abwereze, poti ndi anthu ochezeka. Mvula imagwa mwezi wina uliwonse ndipo kawirikawiri imabwera ndi mphepo, choncho jekete yosalowa madzi idzakuthandizani kuposa ambulera. Mu Juni kumada cha m'ma 10 koloko usiku pamene mu Disembala kumada isanakwane 5 koloko, zomwe zikutanthauza kuti masiku atatu a m'chilimwe amakupatsani nthawi yochuluka yoyendera. Ngati tchuthi chanu chagwera kumapeto kwa Okutobala, dziwani kuti imeneyo ndi nthawi ya chikondwerero cha nyimbo za jazi chimene chakhala chikuchitika kuyambira 1978. Mzinda umadzaza, mitengo ya malo ogona imakwera, ndipo muyenera kusungitsa chipinda miyezi ingapo zisanachitike.